Mbiri ya Zimphona Zachitsulo za ku Japan ndi Ana Amene Anakula Nazo

1. Dzina la loboti

Munthu wa ku Blantyre kapena ku Lusaka akamva mawu akuti maloboti, maganizo ake amathamangira ku nyali zitatu zija za pa mphambano ya misewu, yofiira, yachikasu ndi yobiriŵira, zimene zimauza galimoto nthaŵi yoima ndi nthaŵi yopita. Dzinalo linadzera ku South Africa, kumene nyalizo zinatchedwa chotero popeza zinalanda ntchito ya wapolisi woongolera magalimoto ndi manja. Koma kumene mawuwo anabadwira nkwina. M'chaka cha 1920 mlembi wa ku Czechoslovakia, dzina lake Karel Čapek, analemba seŵero lotchedwa R.U.R., lonena za anthu opangidwa m'fakitale kuti azigwirira ntchito anthu enieni. Ndipo dzina lawo linachokera ku liwu la chinenero chake lakuti robota, ndilo ntchito yokakamiza imene mlimi wosauka ankagwira m'munda wa mwini dziko. Amene adziŵa mbiri ya thangata m'minda ya atsamunda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje sadzavutika kumva tanthauzo lake. Chotero loboti pachiyambi pake ndi kapolo wopangidwa ndi manja.

Anthu a ku Japan anatenga kapoloyo namsandutsa chinthu china. M'nthano zawo za pa wailesi yakanema iye anakula msinkhu kuposa nyumba zosanja, navala chitsulo thupi lonse, nakhala mtetezi wa dziko womvera mawu a kamwana. Kuyambira 1963 kufikira chapakati pa zaka za m'ma 1980 nthano zotere zinatuluka zambirimbiri, ndipo zinaoloka nyanja kufika ku Rome, ku Paris, ku Beirut, ku Manila ndi ku Lagos. Ana amene anaziona masiku amenewo lero ali ndi imvi, koma ambiri a iwo akamva nyimbo yotsegulira nthanozo amaleka zimene akuchita, ena misozi ili m'maso. Amene akonzekera kuphunzitsa ana ayenera kudziŵa kumene zimphona zachitsulozo zinachokera, njira imene zinayenda ndi milandu imene zinautsa, pakuti m'menemo muoneka mphamvu ya nthano imene mwana aimva madzulo ataŵeruka kusukulu.

2. Wosimba nthano wa pa njinga

Wailesi yakanema isanafike, ana a m'mizinda ya ku Japan anali naye kale wowasimbira nthano. M'zaka za m'ma 1930, pamene ntchito zinasoŵa, amuna ambiri ankayenda pa njinga atamangirira kabokosi ka matabwa kumbuyo. Akafika pa mphambano ankaomba timitengo tiŵiri kuitana ana, nawagulitsa maswiti. Ogula ankaima kutsogolo, osagula kumbuyo. Pamenepo mwini njinga ankaloŵetsa m'kabokosimo zithunzi zojambulidwa pa mapepala olimba, chimodzi pambuyo pa chinzake, iye mwini akulankhulira munthu aliyense wa m'nthanoyo ndi mawu osiyanasiyana. Luso limeneli dzina lake ndi kamishibai, ndiko kuti seŵero la pa pepala. Chinsinsi cha malonda ake chinali chakuti nthano sinkatha tsiku limodzi: wosimbayo ankaidula pamene ngwazi ili m'kamwa mwa imfa, kuti ana abwerenso maŵa ndi kandalama ka maswiti.

Mu Febuluwale 1953 nyumba ya boma youlutsa mawu, NHK, inayamba kuulutsa zithunzi, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho kampani ya Nippon Television inatsatira. Popeza mabokosi oonerapo anali okwera mtengo, kampaniyo inawakweza pa mizati m'mabwalo ndi pa masiteshoni a sitima, kumene makamu ankasonkhana kudzaona katswiri wa maseŵero ogwetsana, Rikidozan. Anthu anatcha chinthu chatsopanocho kamishibai wa magetsi. Ukwati wa mwana wa mfumu, Akihito, mu 1959, ndi maseŵero a Olimpiki a ku Tokyo mu 1964, zinachititsa mabanja ambiri kugula mabokosi awoawo. Ndipo amuna a pa njinga aja anasoŵa owamvera. Komabe zinthu zitatu za luso lawo zinaloŵa m'bokosi latsopanolo osasintha: nthano yogaŵidwa m'zigawo, kuidula pamene yafika pokoma, ndi wamalonda woima kumbuyo kwa wosimba nthano.

3. Mabala a nkhondo

Mmodzi wa oyamba kuika loboti m'mitima ya ana anali Osamu Tezuka, amene anaphunzira udokotala koma anasankha kujambula. Mu 1952 anayamba nthano ya zithunzi yotchedwa Tetsuwan Atom, yonena za kamnyamata kopangidwa ndi makina koma kokhala ndi mtima wa munthu. Pa 1 Januwale 1963 nthanoyo inayamba kuonetsedwa pa Fuji Television, chigawo cha theka la ola mlungu uliwonse. Akatswiri ankati ntchito yotero njosatheka, pakuti katuni ya mtundu wa Disney inkafuna zithunzi zambiri zedi pa kamphindi kalikonse. Tezuka anachepetsa zithunzizo, nalola kuti pakamwa pokha paziyenda nkhope ili chiimire, nasunga zithunzi zina kuti azizigwiritsa ntchito mobwerezabwereza. Ndalama zimene wailesi inkalipira zinali zosakwana, tsono phindu linkachokera ku malonda a zinthu zokhala ndi nkhope ya kamnyamatako, monga timapepala tomata timene kampani ya Meiji inkaika m'mapaketi a chokoleti. Nthanoyo inafika zigawo 193, ndipo ku America inadziŵika ndi dzina lakuti Astro Boy.

Koma Atom anali wamng'ono msinkhu. Chimphona chenicheni chinachokera kwa Mitsuteru Yokoyama, wobadwa mu 1934 ku Kobe, mzinda umene ndege za Amerika za B-29 zinauwotcha mu 1945 iye ali mwana. Mu 1956 anayamba nthano yotchedwa Tetsujin 28-go, kutanthauza Munthu Wachitsulo wa Nambala 28, imene inafika pa wailesi yakanema mu Okutobala 1963. M'nthanoyo chimphonacho chinapangidwa mobisa kuti chikhale chida chopambanira nkhondo, koma nkhondo inatha chisanagwire ntchito, ndipo chinatsala m'manja mwa mnyamata Shotaro Kaneda, mwana wa amene anachipanga. Chimphonacho chilibe maganizo akeake. Chimamvera kabokosi ka m'manja, konga kamene lero anthu akatcha limoti. Ndipo kabokosiko kakabedwa ndi munthu woipa, chimphona chimene chinateteza mzinda dzulo chimauphwanya lero.

Pano pali phata la nthano zonse zimene zinatsatira. Dziko la Japan linali litaona mizinda yake ikupsa, Hiroshima ndi Nagasaki zikufafanizidwa ndi mabomba aŵiri okha, ndipo m'malamulo ake a 1947 linakana kudzachitanso nkhondo. Koma makina omwewo amene anadzetsa chiwonongeko ndiwo anali kumanganso dziko, kufikira kuti mu 1964 sitima yothamanga ya Shinkansen inayamba kuyenda pakati pa Tokyo ndi Osaka. Yokoyama anaika funso la akulu m'manja mwa ana: mphamvu payokha si yabwino, si yoipa, mlandu uli pa iye wogwira kabokosi.

4. Mwana aloŵa m'mutu wa chimphona

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1972 ndi wojambula wachinyamata, Go Nagai, wobadwa mu 1945. Iye mwini anasimba kuti maganizowo anamdzera poona magalimoto atapanikizana pa msewu, nalingalira momwe woyendetsa wa kumbuyo angakondwere galimoto yake itamera miyendo nkuyamba kulumpha zinzake. Chotero anajambula chimphona chimene munthu achiyendetsa ali m'kati mwake. Nthano ya Mazinger Z inayamba pa Fuji Television pa 3 Disembala 1972, Lamlungu lililonse nthaŵi ya 7 madzulo, ndipo inatha mu 1974 itafika zigawo 92. Mnyamata Koji Kabuto amakwera kandege kakang'ono, nakateretsa m'mutu wa chimphona chimene agogo ake anamsiyira. Ndipo pomwepo manja a chimphona asanduka manja ake. Dzina la chimphonacho lili ndi mawu aŵiri a Chijapani, lina lonena chiŵanda, lina lonena mulungu, kusonyeza kuti wochiyendetsa angathe kukhala chimodzi cha ziŵirizo.

Chigawo chilichonse chinkayenda m'njira imodzimodzi. Mdani, Dr. Hell, atumiza chilombo chachitsulo. Mzinda uyamba kupasuka. Mnyamata akwera, amenyedwa kufikira pafupi kugonja, ndipo potsiriza afuula dzina la chida chake, nkhonya ya chimphona nichoka pa mkono ngati mzinga. Akulu ankati kubwerezaku nkusoŵa nzeru, koma aliyense wodziŵa nthano za kumudzi azindikira kuti ana amakonda kudziŵiratu pamene nyimbo iloŵera, kuti avomereze pamodzi. Kufuula dzina la chida kunali ngati kuvomereza nyimbo ya m'nthano, ndipo m'maŵa mwake kunkamveka pa mabwalo a sukulu m'dziko lonselo.

Wamalonda uja sanachedwe. Mu 1974 kampani ya Popy, nthambi ya Bandai, inatulutsa chidole cha Mazinger Z chopangidwa ndi chitsulo cholemera, chotchedwa Chogokin monga chitsulo cha m'nthanomo, ndipo chinagulidwa kwambiri. Kuyambira pamenepo makampani a zidole ndiwo ankalipirira nthano zambiri, ndipo ankafuna zimphona zokhala ndi ziwalo zochotseka ndi zolumikizika. Getter Robo ya 1974, ya Nagai ndi Ken Ishikawa, inali ndi ndege zitatu zimene zimalumikizana kukhala chimphona chimodzi. Kwa mwana phunziro lake linali lakuti mutu umodzi susenza denga. Kwa wogulitsa, kuti mwana wokhala ndi ndege imodzi adzalirira ziŵiri zotsalazo. Zonse ziŵirizi nzoona, ndipo mbiri ya nthanozi simveka bwino popanda kuziona pamodzi.

5. Zimphona zioloka nyanja

Nthano imene inayenda mtunda wautali koposa ndi UFO Robot Grendizer, ya zigawo 74, imene inaonetsedwa ku Japan kuyambira 1975 kufikira 1977. Imasimba za Duke Fleed, mwana wa mfumu ya dziko lina la kuthambo limene adani analipasula. Iye athaŵira pansi pano, abisala monga wantchito pa famu ya ziŵeto, ndipo ngakhale adana nayo nkhondo, akakamizika kumenya kuti dziko lomulandira lisaone zimene dziko lake linaona. Ku Japan nthanoyi inali imodzi mwa zambiri; kunja inasanduka chinthu chachikulu.

Ku Italy inayamba pa 4 Epulo 1978 pa wailesi ya boma ya RAI, chimphonacho chikutchedwa Goldrake. Ku France inayamba pa 3 Julayi chaka chomwecho pa Antenne 2, ndi dzina lakuti Goldorak, ndipo omasulira anapatsa anthu a m'nthanoyo maina otengedwa ku nyenyezi, monga Actarus ndi Alcor. Ku Spain ana anaona Mazinger Z m'chaka chomwecho. Ana ambiri a ku Ulaya anali asanazoloŵere katuni imene anthu amafa, amalira maliro ndi kusenza chisoni kuchokera chigawo china kufika chinzake, ndipo anaikangamira zolimba. Makolo, aphunzitsi ndi andale ena anadandaula kuti nthanozo nzachiwawa. Mu 1989 Ségolène Royal, phungu wa ku France, analemba buku lodzudzula mapulogalamu otero. Koma ku Italy mlembi wa mabuku a ana, Gianni Rodari, amene anakhalapo mphunzitsi wa pulaimale, anaima kumbali ya ana, nafanizira Goldrake ndi Hercules wa m'nthano za Agiriki, kusonyeza kuti ngwazi yomenyana ndi zilombo si yachilendo m'nyumba ya munthu aliyense.

Kumaiko a Aarabu nkhani inafika pamtima koposa. Grendizer inamasuliridwa ku Lebanon, nkhondo yapachiŵeniŵeni imene inayamba mu 1975 ili mkati. Omasulira anasankha Chiarabu cha m'mabuku, chimene ana a ku Iraq, ku Syria, ku Kuwait ndi kwina konse akanatha kumva. Jihad al-Atrash analankhulira Duke Fleed, ndipo Sami Clark anaimba nyimbo yake. Mwana wa ku Beirut amene ankamva mizinga usiku sanasoŵe womuuza tanthauzo la munthu wothaŵa kwawo atapasulidwa. Pamene Sami Clark anamwalira mu 2022, ambiri amene anamlira anamkumbukira ndi nyimbo yomweyo. Ndipo ana ambiri a maiko amenewo anakula osadziŵa kuti nthanoyo inali ya ku Japan, pakuti inalankhula nawo m'chinenero chawo.

6. Zigawo zinayi za ku Philippines

Palibe dziko kumene chimphona chinaloŵa m'mbiri ya mtundu monga ku Philippines. Voltes V, nthano ya zigawo 40 imene Tadao Nagahama anaitsogolera mu 1977, inayamba kuonetsedwa pa GMA mu Meyi 1978. Achinyamata asanu, atatu a iwo pachibale, amayendetsa makina asanu olumikizana kukhala chimphona chimodzi. Adani awo achokera ku dziko la Boazan, kumene obadwa ndi nyanga ali mafumu ndipo opanda nyanga ali akapolo. Pang'onopang'ono ana oonera anazindikira kuti atate wa anyamata atatuwo anali wa banja lachifumu la ku Boazan, wokanidwa chifukwa anabadwa wopanda nyanga, ndi kuti kazembe wa adani anali mbale wawo wa atate mmodzi. Nthanoyo imatha ndi kuukira kwa akapolo ndi kugwa kwa mfumu yankhanza.

Ana a ku Philippines sanaone mathero amenewo. Dziko linali pansi pa lamulo la chisilikali limene Ferdinand Marcos analengeza mu 1972, ndipo mu 1979 boma lake linaletsa Voltes V pamodzi ndi nthano zina za zimphona, litanena kuti chiwawa chake chikuwononga ana. Zinali zitatsala zigawo zinayi zokha. Ambiri anakhulupirira kuti chimene boma linaopa ndicho chithunzi cha anthu oponderezedwa akugwetsa mfumu. Chimene chidziŵika bwino ndi chipatso cha chiletsocho: kwa ana miyandamiyanda, tsiku limene anakhala pansi kudikira nthano yawo osaipeza ndilo tsiku loyamba limene anamva dzanja la boma m'nyumba mwawo. Marcos anagwa mu Febuluwale 1986, ana ajawo atakula kukhala anyamata ndi atsikana, ndipo mbadwo wawo unatchedwa ndi dzina la nthanoyo.

Mu 1999 zigawo zotsirizazo zinaonetsedwa m'nyumba za kanema, ndipo amuna ndi akazi a zaka zoposa 30 anapita kukatsiriza nthano imene anaidikira zaka 20. Mu 2023 GMA inapanganso nthano yonse ndi oseŵera enieni a ku Philippines, ndipo mu 2024 ntchitoyo inakaonetsedwa ku Japan komwe. Mlendo anabwerera kwawo atavala zovala za kumene anacheza.

7. Nkhondo yopanda ziŵanda

M'chaka chomwecho cha 1979, pa 7 Epulo, ku Japan kunayamba nthano imene inasintha zonse, Mobile Suit Gundam, yotsogozedwa ndi Yoshiyuki Tomino wa kampani ya Sunrise. M'menemo mulibe zilombo zochokera kutali. Anthu okhala m'midzi yomangidwa kuthambo aukira boma la pansi pano kufuna ufulu, ndipo mbali zonse ziŵiri zili ndi anthu olungama ndi anthu oipa. Zimphona zake ndi zida chabe, zopangidwa m'fakitale zambirimbiri monga akasinja, zotha kuwonongeka ndi kusoŵa zipolopolo. Woyendetsa wake, Amuro Ray, wa zaka 15, amachita mantha, amakana kumenya, ndipo amazindikira kuti amene wamupha anali ndi dzina ndi abale.

Ana aang'ono sanaikonde, zidole zake sizinayende malonda, ndipo nthano imene inayenera kukhala ya zigawo 52 inadulidwa pa 43. Koma achinyamata a msinkhu wa kusekondale anaigwiritsa. Mu Julayi 1980 Bandai inayamba kugulitsa timaloboti ta pulasitiki todzilumikizira wekha, pa mtengo wa mayeni 300, ndipo masitolo anasoŵa tokwanira ogula. Makanema atatu a 1981 ndi 1982 anatsiriza kuutsa nthano imene inayesedwa yakufa. Pamenepo panaoneka kuti ana a Tetsujin ndi Mazinger akula, ndipo afuna nthano zokula nawo. Njira imeneyo inafika patali mu 1995 ndi Neon Genesis Evangelion ya Hideaki Anno, imene imafunsa poyera ngati nkoyenera kuti akulu aike mwana wa zaka 14 m'chida cha nkhondo.

8. Mbali ya Afirika

Zimphona zambiri zimene zinafika kumaiko olankhula Chingelezi zinadzera ku America, kumene zinasinthidwa maina ndi kudulidwa. Voltron ya 1984 inapangidwa kuchokera ku Beast King GoLion ya 1981, yonena za mikango isanu yachitsulo yolumikizana. Pamene m'nthano ya ku Japan mmodzi wa oyendetsa aphedwa, ya ku America inati wangovulala ndipo wapita kukachira. Ku Nigeria Voltron inakondedwa kotero kuti dzinalo linaloŵa m'chilankhulo cha tsiku ndi tsiku: munthu wothamangira kuteteza mnzake pa mkangano umene sanaitanidwe amatchedwa Voltron. Wophunzira zinenero aonepo apa momwe liwu limabadwira.

Maiko a kuno sanalandire wailesi yakanema nthaŵi imodzi. Ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, inayamba mu 1960. Ku Kitwe mu 1961. Ku South Africa mu 1976, kumene katuni ya ku Japan ya Heidi inamasuliridwa m'Chiafrikaans. Ku Malaŵi boma la Dr. Banda silinakhazikitse wailesi yakanema, ndipo Television Malawi inayamba mu 1999. Chotero zaka zonse zimene zimphonazo zinali pachimake, madzulo a mwana wa ku Malaŵi anali a wailesi ya MBC, a nthano za agogo, ndi a maseŵera a pa mwezi. Zimphona zinamfika mochedwa, kudzera m'matepi a vidiyo ndi m'madishi, makamaka mu Power Rangers ya 1993, imene nkhondo zake zinatengedwa ku seŵero la ku Japan la 1992. Koma mwana amene amapinda mawaya kupanga galimoto, naiyendetsa ndi chiwongolero chachitali ali chiimire, sali kutali ndi Shotaro ndi kabokosi kake. Chilakolako chakulamulira makina nchimodzi.

9. Kupukwa

Mu 1688 wophunzira udokotala ku Basel, Johannes Hofer, anapanga liwu lakuti nostalgia kuchokera ku mawu aŵiri a Chigiriki, lina lonena kubwerera kwawo, lina lonena ululu, pofotokoza matenda a anthu a ku Switzerland okhala kutali ndi mapiri a kwawo. Chicheŵa chili nalo liwu lakelake, ndilo kupukwa. Koma wopukwa mudzi angathe kukwera basi. Wopukwa ubwana alibe basi yokwera. Chifukwa chake amafunafuna zizindikiro. Mu 2009 anthu a ku Kobe anaimika chifanizo chachikulu chachitsulo cha Tetsujin m'dera la Nagata, limene chivomezi cha 1995 chinalipasula kwambiri. Chaka chomwecho ku Tokyo kunaimikidwa Gundam wa mamita 18, ndipo anthu oposa 4 miliyoni anapita kukamuona m'miyezi iŵiri yosakwana. Gundam wina, wotha kuyendetsa manja ndi miyendo, anaima ku Yokohama kuyambira 2020 kufikira 2024.

Kunena zoona, wamkulu akaonanso nthanozo lero amapeza zithunzi zouma ndi nkhondo zobwerezabwereza. Chimene apukwa sichili m'zithunzimo. Masiku amenewo nthano inali ndi tsiku lake ndi ola lake, ndipo wochedwa anaiphonya kotheratu. Bokosi linali limodzi m'nyumba, kapena limodzi pa nyumba zingapo, kotero kuti ana ankaunjikana pansi, ndi abale ndi anansi, amayi akuphika kuseri. M'maŵa mwake kalasi lonse linali ndi nkhani imodzi. Wopukwa Grendizer akupukwa chipinda chimenecho, anthu amene analimo, ndi mlungu wathunthu wa kudikira. Madzi saiŵala khwaŵa.

10. Zimene mphunzitsi atengepo

Choyamba nchakuti nthano imakhala ya mwana pamene yalankhula chinenero chake. Grendizer anakhala Mwarabu ndi Mfalansa chifukwa cha omasulira amene anagwira ntchito yawo mosamala. Mphunzitsi amene asimba nthano ya kutali m'Chicheŵa chomveka, chosapotoka, sakuchepetsa chinenerocho, akuchikuza.

Chachiŵiri nchakuti chiletso chopanda kufotokoza chimakhomereza chinthu choletsedwacho mumtima. Zigawo zinayi zimene ana a ku Manila anamanidwa zinakumbukirika kuposa 36 zimene anaona. Nkhaŵa ya makolo pa zachiwawa si yopanda pake, ndipo si nthano iliyonse iyenera msinkhu uliwonse; koma njira yabwino ndiyo kufunsa mwana kuti asimbe zimene waona, anene amene analakwa ndi chifukwa chake, ndipo apeke mathero akeake. Pamenepo phunziro la kulankhula ndi la kulemba chimangirizo lapeza mutu umene ana sadzaukana.

Chachitatu nchakuti kumbuyo kwa wosimba nthano kaŵirikaŵiri kumaima wogulitsa, kaya wa maswiti, kaya wa zidole, kaya wa zinthu za pa foni. Ana a makalasi apamwamba angathe kuphunzitsidwa kufunsa kuti, amene walipirira nthanoyi afuna chiyani kwa woonera?

Chachinayi nchakuti luso la mwini njinga uja silifuna magetsi. Ku Japan kamishibai akali kugwiritsidwa ntchito m'sukulu za ana ndi m'nyumba zoŵerengeramo mabuku. Katoni yakale, mapepala 10 ojambulidwa ndi makala kapena choko chamitundu, ndi mphunzitsi wodziŵa pamene ayenera kudula nthano, nzokwana kuti ana adzafike m'maŵa belu lisanalire.

Ndipo pamwamba pa zonsezi pali funso limene Yokoyama analisiya mu 1956. Ana amene aphunzitsi a lero adzawalandira m'kalasi adzagwira makina amphamvu kuposa amene makolo awo anawalota. Makinawo adzamvera aliyense wowagwira. Ntchito ya kuumba mtima wa wogwirayo iyamba mu Sitandade 1, pakuti m'mera mpoyamba.